Zenera Loyambira M'mabondo

Make Buluzi anayamba kuiona nyumbayo pa laputopu ya mwamuna wake, isanakhale ndi khoma ndi limodzi lomwe. Nthawi imeneyo ankakhala kwa alamu ake, achemwali a mwamunayo, m'kachipinda kakuseri momwe kale munkasungidwa makatoni ndi njinga yakufa. Munali bedi, masutikesi, ndowa, iwo awiri ndi mwana. Mwanayo dzina lake lenileni linalipo, koma palibe ankalitchula. Anayamba kukwera zinthu asanadziwe n'kuyenda komwe, ndipo tsiku lina alamu atamupeza pamwamba pa kabati akunyambita shuga anati, "Uyu si munthu, ndi buluzi." Dzina linakakamira pomwepo.

Mwamunayo ankajambula mapulani pa kampani ina yopanga nyumba m'fakitale. Poyamba make Buluzi ankayesa kuti akungomuseka. Nyumba imamangidwa ndi njerwa, sipangidwa ngati sopo. Ndiye Loweruka lina masana mwamunayo anakhala pabedi n'kutsekula laputopu pamiyendo.

"Tabwera uone. Ine sindijambula khoma lililonse palokhapalokha ayi. Zonse ndinazimangirira pamodzi. Ndikasintha nambala imodzi, zinazo zimatsatira zokha."

Anafufuta nambala ina n'kulemba ina. Nyumba ya pagalasiyo inafutukuka ngati ikukoka mpweya. Denga linatalika, zitseko zinasendera, masitepe anabala sitepe ina.

"Makina a ku fakitale amawerenga zomwezi n'kudula makoma. Lole inyamula, kireni iimika, anthu alowa. Palibe zoponda matope."

"Nanga mukalakwitsa?"

"Amalakwitsa ndi anthu a pensulo. Iyi imandiuza yokha."

Pakona panatuluka kabokosi kachikasu kodzaza ndi mawu. Iye anakatseka osakawerenga.

"Nanga ako kamati chiyani?"

"Timeneto timabwera tambirimbiri. Paipi yakhudza chakuti, chitseko chayandikira chakuti. Ukati uziwerenga tonse, imvi zimera ntchito isanathe."

Pafupi ndi zenera la nyumbayo panaima munthu wotuwa, wopanda nkhope, manja ali m'mbali. Mwamunayo anati amamuika pamenepo kuti aziyerekezera kutalika kwa zinthu.

"Alibe mwana ameneyu?"

"Ndi batchala," anatero, ndipo anaseka onse awiri. Apo n'kuti Buluzi atapachika kale mwendo kumutu kwa bedi.

Nyumba zoyamba kampaniyo inamangira antchito ake omwe, kuseri kwa fakitale, kuti ogula azibwera kudzaona anthu akukhalamo. Zinali zosanja kamodzi, mabanja ena pansi, ena pamwamba. Iwo anapatsidwa pamwamba. Alamu atamva anavina m'khitchini ndi poto m'manja.

"Musandimve molakwa mlamu, ndimakukondani. Koma mwana wanuyu wandithera makapu. Chipindacho ndalonjeza kale mphwake wa amuna anga, akubwera kudzayamba kozi. Mukatuluka musatembenuke."

Tsiku losamuka make Buluzi anakwera masitepe achitsulo mwana ali kumbuyo, ndowa ili m'manja. M'nyumbamo munkanunkha penti ndi guluu. Anagogoda khoma ndi chala, linalira ngati katoni. Koma munali mowala, pansi posalala, mpopi wawowawo, chimbudzi chosadikirana ndi munthu. Mtima unakhala pansi. Anamasula mwana n'kumutsitsa.

Buluzi sanayang'ane mpopi, sanayang'ane chimbudzi. Anathamangira pazenera la pabalaza. Linali lalikulu, lokongola, la magalasi otsetsereka cham'mbali, ndipo onyamula katundu anali atalitsekula kuti fungo lituluke. Mwanayo anatsamira chifuwa m'munsi mwa zeneralo n'kukweza mwendo.

Mayi ake anamugwira malaya. Atamukokera pansi anasuzumira kunja. Pansipo panali ngalande ya konkire, youma, ndi zidutswa za zitsulo zomwe omanga anasiya. Kenaka anaima pafupi ndi zeneralo n'kudziyeza nalo. Linkayambira pamwamba pang'ono pa mabondo ake. Analowa kuchipinda. Lakumeneko chimodzimodzi.

"Bambo a Buluzi, tabwerani."

Mwamunayo anabwera atanyamula mwendo wa bedi.

"Pa laputopu paja zenerali linkayambira m'chiuno mwa batchala wanu uja."

Iye anayang'ana zeneralo, anayang'ana kudenga, anayang'ananso zeneralo. Nkhope inagwa pang'onopang'ono.

"Ndi mlatho," anatero chapansipansi.

"Mlatho wanji?"

Anafotokoza maso ali pakhoma. Makoma amanyamulidwa pa lole ataimirira. Njira yopita kumene kampani inkafuna kukagulitsa nyumba zambiri imadutsa pansi pa mlatho wa sitima, ndipo makoma oyamba anali aatali, sakanadutsa. Abwana anamuuza kuti awafupikitse onse. Iye anasintha nambala imodzi, ntchito ya kanthawi kochepa asanapite kukadya. Mazenera anali atagulidwa kale, atadzaza mosungira katundu, ndiye msinkhu wawo sukanasintha. Ndipo kalekale, poyamba ntchitoyo, iye anawamangirira kumutu kwa khoma, kuti pamwamba pawo pazitsala malo a chitsulo chonyamula denga. Mutu wa khoma utatsika, mazenera anatsika nawo. Onse, m'nyumba zonse.

"Kabokosi kachikasu kaja sikanakuuzeni?"

Anatembenuza mwendo wa bedi uja m'manja ngati akufuna nambala pamenepo.

"Tizingotseka," anatero. "Anthu amalera ana m'nyumba zazitali kuposa izi."

Kotsekera zeneralo kanali kachitsulo kakang'ono kongokankha ndi chala. Buluzi anakaphunzira sabata isanathe. Make Buluzi anawongola mahang'ala awiri n'kukulunga waya pa zogwirira, mpaka zala zinatuluka matuza. Anachotsa mipando yonse mbali imeneyo. Anachotsa ndowa, sutikesi, chilichonse choti phazi laling'ono n'kupondapo. Zinalibe ntchito kwenikweni, poti mwanayo sankafuna chopondera, koma manja ake ankafuna chochita.

Kenaka kunatentha. Denga linali pafupi, dzuwa la masana linkamenya mbali yomweyo ya mazenera, ndipo makomawo ankasunga moto ngati uvuni. Buluzi anatuluka tizidzolo m'khosi ndi kumsana, akulira, akudzikanda. Mayi ake ankamupukuta ndi kansalu konyowa maso ali pa waya. Kubafa ankapita naye. Kuchimbudzi ankapita naye. Pophika ankamubereka ngakhale anali atalemera, miyendo ikumenya m'ntchafu. Akamva chete pang'ono m'nyumbamo, ankathamangira kuzenera. Anayamba kuwonda m'khosi. Alamu atabwera kudzaona nyumba anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mlamu, mwayamba kale wina?"

"Ayi, ndi kutenthaku."

"Ndiye tsekulani mazenera. Mwapatsidwa nyumba ya mabwana mukukhalamo ngati nkhuku za m'katoni."

Tsiku lina make Buluzi anapita kumsewu kukaitana wowotcherera zitsulo, bambo wa ovolosi yobooka ndi magalasi akuda pamphumi. Anakwera masitepe akuimba kamluzu, tepi ili m'manja. Anayeza zenera. Kenaka anagogoda khoma, anagogodanso pena, kamluzu kanatha.

"Madamu, ine chitsulo ndimawotcherera pa chitsulo chinzake, apo ayi ndimachikwirira mu njerwa. Apa kunja ndi bolodi, m'kati siponji, kuno bolodi. Nthiti zake zilimo, koma zopyapyala ngati chitini cha mkaka. Felemu iyinso makina anga sagwira."

"Palibe njira ina iliyonse, achimwene?"

"Kuika ndikhoza kuika, zizioneka bwino, akuba aziopa. Koma uyu," analoza Buluzi amene anali atamugwira kale tepi, "akazitsamira tsiku ndi tsiku, tsiku lina apita nazo limodzi. Bola waya wanuyo. Waya sanama."

Potsika masitepe anatembenuka. "Nyumba zanuzi ngakhale chithunzi cha ukwati muzingochiika pansi."

Madzulo make Buluzi anamuuza mwamuna wake. Iye anadzidzimuka, osati ndi zomwe ananena wowotcherera, koma kuti anabwera.

"Anakuona ndani? Kampani inaletsa kuboola makoma. Ogula amabwera kudzaona."

"Ndiye akonze okha."

"Ndayamba kale. Pa kompyuta ndakonza."

"Ife tikukhala pa kompyuta?"

Mwamunayo anatsekula laputopu kuti amuonetse, ngati kuti kuona kuchiza. Anali atamasula mazenera kumutu kwa khoma n'kuwamangirira pansi. Mazenera anakwera kufika m'chiuno mwa munthu wotuwa uja, koma mitu yawo inalowa m'chitsulo cha denga, ndipo nyumba yonse ya pagalasiyo inafiira ngati yapsa. Pankafunika mazenera aafupi. Abwana anati amenewo adzagulidwa akatha omwe ali mosungira katundu. Za nyumba zomwe zaima kale anati aganizira, pali tizitsulo tina totsekera tomwe angaitanitse, tikubwera.

"Tikubwera liti?"

"Anati tikubwera."

"Mubwererekonso mawa."

Mwamunayo anatseka laputopu. Anali ndi maso ofiira, ndipo kwa nthawi yoyamba make Buluzi anaona kuti nayenso sakugona bwino.

"Ndikalimbikira adzafunsa kuti anasintha nambala ndani. Akulu onse anaona mapulaniwo, onse anavomera, koma dzanja linali langa. Ntchito ikatha nyumbanso yatha. Tidzapita kuti? Kwa achemwali kuli munthu."

Make Buluzi anaimirira. Anapita kukaona waya.

Lamulungu lina masana Buluzi anagona. Bambo ake anali pabalaza ndi laputopu, malaya atavula. Make Buluzi ananyamula beseni la zochapa.

"Ndikukayanika. Musamusiye."

"Wagona."

"Ndati musamusiye."

"Ndamva, amayi."

Zingwe zoyanikira zinali kuseri, kutsidya kwa ngalande ija. Kunali zii, anthu ambiri atapita kokapemphera ndi kokaona abale. Anayanika matewera, anayanika malaya a kuntchito. Akukung'untha shiti anakweza maso, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo anaona zenera la kuchipinda lili pululu. Panja pake pankalendewera kamwendo, kopanda nsapato, kakugwedezeka ngati ka munthu wokhala pa mpando wautali.

Shiti inagwera m'fumbi. Anafuna kukuwa, koma anadziwa kuti mwanayo akamva mawu ake amufuna, ndipo akamufuna abwera. Anawoloka ngalande osamva mapazi ake. Anaima pansi pa zeneralo, pa konkire yotentha, manja ali m'mwamba. Anaona kuphazi kwa mwana wake, kodetsedwa, ndi kachipsera ka botolo. Buluzi sanamuone. Ankayang'ana kireni ya ku fakitale, akuyankhula nayo m'chinenero chake. Mwendo wachiwiri unayamba kutuluka.

Dzanja lalikulu linatulukira kumbuyo n'kumugwira pamimba. Miyendo inalowa. Kulira kunamveka m'kati, kulira kwa mwana wolandidwa chidole.

Atakwera anapeza mwamuna wake atakhala pansi, mwana ali pachifuwa. Waya anali pabedi, wowongoledwa bwinobwino.

"Anali thukuta lokhalokha," anatero mwamunayo. "Ndinati apumeko mphepo pang'ono ali mtulo. Ndinangopita kukasunga ntchito pa laputopu."

Make Buluzi sanamutukwane. Anatenga waya, anakulunga, anakulunganso. Kenaka anatsika kukatola shiti ija n'kuichapanso. Akuichapa maso ake anali pa chitseko cha nyumba ya pansi pawo.

M'menemo munkakhala dalaivala wa kireni ndi mkazi wake. Mkaziyo anali wamtali, wa mawu aakulu, woseka ndi aliyense, ndipo kuyambira tsiku loyamba ankadandaula za pansi. Fumbi la malole linkalowa mpaka m'mbale. Nsapato za mwamuna wake zinabedwa pakhomo dzuwa likuswa mtengo. "Ndiye mazenera otsikawa, asisi, aliyense wodutsa amaona zomwe ndaphika ndi zomwe sindinavale. Inu a pamwamba ndinu mabwana." Make Buluzi anali atayang'ana chingwe chawo kwa nthawi yaitali. Pankakhala maovolosi, madiresi, matawulo. Kamalaya ka mwana sanakaonepo.

M'mawa mwake anagogoda.

"Asisi, zija mumanena za pamwamba zija, mumanena zoona?"

"Bwanji, mukufuna kundipatsa?"

"Masitepe akundipweteka msana. Mwanayu walemera."

Mkazi wa dalaivala anaomba m'manja kamodzi. "Musandiseke, ine ndimakhulupirira msanga. Ndibwere ndidzaone?"

"Bwerani masana."

Masana asanafike make Buluzi anamanga mwana kumbuyo ndi nsalu ziwiri. Anamasula waya pabalaza, anamasula kuchipinda, anabisa pansi pa matiresi. Pa zogwirira panali mikwingwirima yomwe waya anasiya, ndipo anaipukuta ndi kansalu ka mafuta mpaka inazimirira. Anatsekula mazenera onse mpaka kumapeto. Mphepo inalowa, makatani anavina, nyumba inakhala ngati ya pa laputopu ija. Anadziuza kuti sakunamiza munthu. Anthu akuluakulu awiri, zenera lingawatani?

Mkazi wa dalaivala anaima pazenera manja ali m'chiuno, diresi ikuuluzika.

"Mpaka msewu waukulu ukuoneka. Inu mukusiya izi chifukwa cha msana? Amuna anu azikusisitani."

Amuna awiriwo anagwirizana mosavuta. Woyang'anira nyumbazo anati alibe nazo kanthu, poti pansi ndi pamwamba ndi nyumba imodzi yomweyo, inatuluka m'makina amodzi. Mwamuna wa make Buluzi sanafunse kuti waya wapita kuti. Anangoti, "Wachita bwino," osamuyang'ana.

Anasinthana Lachisanu. Katundu ankakwera, wina ankatsika, anthu akupanikizana pamasitepe n'kumaseka. Make Buluzi ankatsika ndi mapoto pamene anakumana ndi mkazi wa dalaivala akukwera. Pamutu anasenza katoni, ndipo m'khwapa anapanira kamatiresi kakang'ono kokutidwa ndi pulasitiki, katsopano, ka maluwa.

"Ka ndani ako?"

"Ka Kadona wanga. Simukudziwa kuti ndili ndi mwana? Amakhala kwa mayi anga. Ali ndi chifuwa chobanika, ndiye pansi paja ndi fumbi lija sindikanamubweretsa. Koma pamwamba pali mphepo yabwino. Ndawaimbira kale, akubwera naye mawa." Maso ake ananyezimira. "Mwandithandiza asisi, simukudziwa. Mwana wanga amanditchula anti."

"Ndi wamkulu bwanji?"

"Ngati wanuyo. Azisewera limodzi, mwina tidzakhala pachibale."

Chivindikiro cha poto chinagwa, chinagubuduka masitepe onse mpaka pansi. Make Buluzi anachiyang'ana chikuzungulira pa simenti. Bedi lawo linali litalowa kale m'nyumba ya pansi. Buluzi anali pakhomo pake, atakhala m'dothi, akukumba ndi supuni, ndipo kwa nthawi yoyamba chisamukire kuno panalibe pomwe akanagwa.

"Mazenera aja," anatero, "muzitseka."

"Ndi kutentha kuno? Ine ndasamukira mphepo. Tapatukani asisi, katoniyi ikundithyola khosi."

Anapatuka.

Kadona anabwera ndi agogo ake m'mawa mwake, kamtsikana koonda, ka maso aakulu, kovala diresi yachikasu ndi nsapato zolira poyenda. Ankapuma ndi kamluzu pachifuwa. Make Buluzi anamuona akukwera masitepe, sitepe imodzi imodzi, atagwira chala cha mayi ake. Anadziuza kuti ndi wofatsa, ana aakazi sakwera zinthu. Tsiku lonse anakonza m'nyumba yatsopano, akutuluka panja kawirikawiri ngati wayiwala kanthu, n'kukweza maso.

Tsiku lachitatu anamuona. Zenera la pabalaza linali lotsekula, ndipo Kadona anali atagoneka chibwano pa manja ake m'munsi mwa zeneralo, akuyang'ana Buluzi pabwalo. Sanakweze mwendo. Ankangoyang'ana.

Make Buluzi analowa m'nyumba, anatukula matiresi, anatenga waya. Anabereka mwana n'kukwera.

Mkazi wa dalaivala ankasita. "Lowani aneba. Mwasowa kwanu kwakale?"

"Ndabweretsa izi."

"Waya? Ndikoleke chiyani?"

Make Buluzi anamuuza zonse ataimirira pakhomo. Za mlatho, za nambala, za wowotcherera zitsulo, za kamwendo kolendewera Lamulungu lija. Ankayankhula mofulumira, maso ali pa ayironi. Mkazi wa dalaivala sanamudule. Atamaliza, mkaziyo anaimika ayironi, anapita kukakoka Kadona pazenera, analitseka, anabwerera.

"Tsiku ndinabwera kudzaona lija, wayayu anali kuti?"

"Pansi pa matiresi."

"Munachotsa chifukwa cha ine."

"Sindinkadziwa kuti muli ndi mwana. Ndinayang'ana pachingwe, sindinaonepo zovala za mwana."

"Munayang'ana pachingwe." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Nanga pamasitepe paja? Pamenepo munadziwa. Bedi langa linali lisanamangidwe n'komwe."

"Ndinakuuzani kuti muzitseka."

"Munandiuza ngati mukunena za udzudzu."

Kadona anali atabwera kudzagwira phazi la Buluzi lomwe linkalendewera m'chiuno mwa mayi ake. Ana awiriwo ankasekererana.

"Chabwino," anatero mkazi wa dalaivala. Mawu ake aakulu aja anali atachepa. "Zachitika. Amuna athu akaweruka tibwezerane. Inu wanu mumamudziwa, munazolowera kumulondera. Wanga sangakhale motseka, abanika. Ndi bwino fumbi, ndizikolopa kawiri."

Make Buluzi anamva kulemera kwa mwana kumsana, kutentha kwake, kamtima kakugunda pa nthiti zake. Anayang'ana zenera lija. Pa chogwirira mikwingwirima ya waya inali itayambanso kuoneka, mafuta atauma.

"Sindingathe," anatero.

"Mwati bwanji?"

"Sindingathe, asisi. Wanga anatulutsa kale miyendo. Akabwerera kuno afa."

"Ndiye afe wanga?"

"Sindinatero."

"Mwatero. Amuna anu ajambula dzenje, inu mwakankhiramo mwana wanga, ndiye mwabwera ndi hang'ala." Anayandikira. "Ndikauza amuna anga. Akanena ku ofesi kuti wojambula ankadziwa."

"Kaneneni."

Mkazi wa dalaivala anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja, anatenga waya uja, ndipo anatseka chitseko pang'onopang'ono, osamenyetsa.

Dalaivala anakanenadi. Ku ofesi anamuuza kuti tizitsulo totsekera tikubwera, ndipo kuti zosinthana nyumba anagwirizana okha, kampani sikulowererapo. Nyumba zina za pansi zinali zodzaza. Mwamuna wa make Buluzi anaitanidwa kwa abwana, koma sanachotsedwe ntchito, poti panalibe wina wodziwa momwe anamangirira nambala zija. Iye ndi dalaivala anasiya kupatsana moni. Pamalo oyanikira, amayi ena ankasiya kuyankhula make Buluzi akafika. Ena mwa iwo, a pamwamba, anayamba kukulunga waya pa mazenera awo, koma palibe anamuthokoza.

Kadona sanabwerere kwa agogo ake. Mayi ake anati mwana wawo sadzawatchulanso anti chifukwa cha munthu wina. M'mawa zenera linkakhala lomanga. Dzuwa likafika mbali imeneyo chifuwa chinkayamba, chinkamveka mpaka pansi, chouma, chosatha, ndipo pakapita nthawi galasi linkatsetsereka pang'ono, mpata wa dzanja. Masiku ena mpatawo unkakula.

Buluzi tizidzolo tinapola. Ananenepa, anada ndi dzuwa, anapeza bwalo lonse loti azithamangamo. Ndipo anapeza mnzake. Masana ena make Buluzi akutsuka mbale pakhomo anamva mwana wake akuseka kuseri. Anazungulira nyumba manja ali ndi thovu. Buluzi anaima m'mphepete mwa ngalande, mutu ali chagada, manja onse awiri atakweza m'mwamba.

"Dona, bwela. Bwela kuno."

Pamwamba, mu mpata wa galasi, munatuluka nkhope, kenaka phewa la diresi yachikasu.

Mayi ake anamunyamula Buluzi ndi dzanja limodzi, linalo atamutseka pakamwa. Sanayang'ane m'mwamba, kuopa kuti mtsikanayo angayese akumuitana. Anayenda chozemba m'mbali mwa khoma mpaka pakhomo, analowa, anakhoma chitseko. Mwanayo analira, anamenya chitseko ndi zibakera, anafuna panja. Anamupatsa buledi, anautaya. Anamupatsa makiyi, anatonthola.

Kuyambira tsiku limenelo Buluzi sankatulukanso dzuwa likafika mbali ya mazenera. Ankakhala m'nyumba ndi mayi ake, makatani otseka, kuti Kadona asaone woti amutsatire.

Denga la nyumba ya pansi linali lopyapyala ngati makoma ake. Masana omwe aja make Buluzi anaima pakati pa balaza, thovu likuuma m'manja. Pamwamba pa mutu wake timapazi tinathamanga kuchokera kukhitchini, tinadutsa pomwe panali babu, tinalunjika mbali ya zenera, ndipo tinaima.

Anadikira. Buluzi ankagwedeza makiyi. Anamulanda, kuti amve bwino.